Mwana wamng'ono akazunza nyama: zikutanthauzanji, nanga wamkulu achitenji?

Kamwana ka zaka 3 kanyamula mphaka pomugwira mchira. Mnyamata wa zaka 7 wathothola mapiko a gulugufe, kapena wagenda galu amene anangodzigonera osamuputa. Akuluakulu akaona zimenezi sagwirizana chimodzi. Ena amati n'chibwana chabe, akakula adzasiya yekha. Ena amagwidwa ndi mantha, chifukwa anamvapo kuti anthu oopsa amene anapha anzawo anayamba ndi kuzunza nyama ali ana. Kholo limene lili pakati pa mawu awiriwa limasowa chogwira: lingonyalanyaza, limukwapule, kapena lithamangire kwa dokotala?

Akatswiri a zamaganizo akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 60, ndipo zimene apeza sizikhalira kumbuyo mbali iliyonse kwathunthu. Chimene chaonekera bwino n'chakuti kuzunza nyama sikulosera motsimikizika za tsogolo la mwana, koma kumanena zambiri za mmene mwanayo alili panopa: zimene akudziwa, zimene sanafike pozidziwa, ndipo nthawi zina zimene zikumuchitikira iyeyo.

Kodi chilichonse chopweteka nyama ndi nkhanza?

Mu 1993 katswiri wina wa ku America woona za kakulidwe ka maganizo a ana, Frank Ascione, anapereka tanthauzo limene ofufuza ambiri akutsatirabe. Iye anati nkhanza kwa nyama ndi khalidwe limene anthu salivomereza, lochitidwa mwadala, lobweretsa ululu, kuvutika kapena imfa kwa nyama popanda chifukwa chomveka. Kupha udzudzu kapena kubaya galu katemera sikulowa m'tanthauzo limeneli ngakhale kuti pali ululu kapena imfa.

Kwa mwana wamng'ono, funso lalikulu ndi lakuti anachita mwadala kapena ayi, ndipo yankho lake limadalira kwambiri msinkhu. Chifundo chimayamba msanga. Carolyn Zahn-Waxler ndi anzake anaonetsa kuti ana ambiri, m'chaka chawo chachiwiri, amayamba kale kusisita kapena kutonthoza munthu amene akulira. Koma kumva chisoni ndi munthu wolira n'kosiyana ndi kuzindikira kuti cholengedwa china, chopanda misozi ndi mawu, chikumva zosiyana ndi zimene iwe ukumva. Kafukufuku wa Heinz Wimmer ndi Josef Perner wa mu 1983, ndi wina wambiri wotsatira, anasonyeza kuti ana ambiri amayamba kumvetsa bwino kuti m'mutu mwa wina muli zosiyana ndi za m'mutu mwawo akafika zaka 4 kapena 5. Kamwana kamene kakufinya kagalu pachifuwa kakusangalala, ndipo kwa iko kagaluko nako kakusangalala. Manja akenso sanaphunzire kuyeza mphamvu.

Imfa ndiye imachedwerapo kumveka. Mark Speece ndi Sandor Brent, ataunika kafukufuku wambiri mu 1984, anapeza kuti ana ambiri amafika pomvetsa kuti chakufa sichidzukanso, kuti thupi lake lasiyiratu kugwira ntchito, ndiponso kuti chamoyo chilichonse chimafa, ali pakati pa zaka 5 ndi 7. N'chifukwa chake mwana wa zaka 3 amene wamiza mwanapiye m'madzi pofuna kumusambitsa amatha kufunsa mosabisa kuti adzuka nthawi yanji.

Mu 2001 Ascione yemweyo anagawa ana ozunza nyama m'magulu atatu. Loyamba ndi la ana ang'onoang'ono ochita zinthu mwachidwi, amene sanaphunzitsidwe kagwiridwe ka nyama ndipo palibe wamkulu akuwayang'anira. Lachiwiri ndi la ana, kawirikawiri okulirapo, amene nkhanza zawo zikuchokera m'mavuto a mumtima, nthawi zambiri chifukwa chakuti iwonso akumenyedwa, akugwiriridwa, kapena akuona nkhanza panyumba. Lachitatu ndi la achinyamata amene kuzunza nyama ndi limodzi chabe mwa makhalidwe ambiri ophwanya malamulo. Magulu amenewa sathandizidwa mofanana, ndipo kholo likasokoneza loyamba ndi lachiwiri likhoza kuopseza mwana wosalakwa, kapena kulekerera mwana amene akusowa thandizo.

Mantha akuti adzapha anthu anachokera kuti?

Ganizoli ndi lakale. Mu 1693 John Locke, m'zolemba zake za kaleredwe ka ana, anachenjeza kuti ana ozolowera kuzunza mbalame, agulugufe ndi tinyama tina, mitima yawo imauma pang'onopang'ono mpaka kuumiranso anthu. Mu 1751 wojambula wa ku London, William Hogarth, anatulutsa zithunzi zinayi zotsatizana zosonyeza mnyamata wozunza galu, amene atakula anamenya kavalo, kenako anapha mkazi, pomaliza ananyongedwa.

Madokotala analowapo m'zaka za m'ma 1960. Mu 1963 John Macdonald, dokotala wa matenda a maganizo ku Colorado, analemba za odwala 100 amene anaopsezapo kuti apha munthu. Iye anaona kuti ankhanza kwambiri mwa iwo, ali ana, ankakonda kukhala ndi zinthu zitatu: kuzunza nyama, kutentha zinthu, ndi kukodza pogona atapitirira msinkhu. Mu 1966 Daniel Hellman ndi Nathan Blackman anafufuza akaidi 84 n'kupeza zizindikirozi zochuluka mwa amene anapalamula milandu yachiwawa. Kuyambira pamenepo zinthu zitatuzi zinatchuka kwambiri, mpaka zinalowa m'mafilimu ndi m'nkhani za apolisi ngati chizindikiro cha munthu wodzapha anzake.

Tisaiwale kuti anthu 100 a Macdonald aja anali oopseza, osati opha. Ndipo ofufuza awiri a pa University of Kent, Charlotte Parfitt ndi Emma Alleyne, atabwereramo m'kafukufuku wa zaka zonsezi, anapeza kuti umboni wakuti zinthu zitatuzi pamodzi zimalosera chiwawa ndi wochepa, ndipo zimaoneka kuti zikulozera kwambiri ku nyumba imene muli mavuto. Ndikuona kuti apa ana okodza pogona analakwiridwa koposa, chifukwa vuto lawo kawirikawiri ndi la kakulidwe ka thupi, ndipo silikhudzana ndi nkhanza.

Palinso vuto la kafufuzidwe. Ukafunsa akaidi opha anthu za ubwana wawo, ambiri angakuuze kuti anazunzapo nyama. Izi sizikuuza kuti mwa ana onse ozunza nyama ndi angati amadzapha anthu, chifukwa amene anakula bwinobwino sali m'ndende, ndipo palibe anawafunsa. Mu 1999 Arnold Arluke ndi anzake anayesa njira ina. Anatenga anthu 153 amene anazengedwa milandu yozunza nyama ku Massachusetts, n'kuwayerekeza ndi anzawo 153 ofanana nawo msinkhu ndi dera. Ozunza nyamawo anapezeka kuti ankapalamula milandu yachiwawa kasanu kuposa enawo, ndipo ankawaposanso pa milandu ya kuba ndi ya mankhwala osokoneza bongo. Koma kuzunza nyamako sikunali koyamba nthawi zonse. Nthawi zambiri kunkabwera pambuyo pa milandu inayo. Motero mpaka lero pali maganizo awiri: ena amati munthu amayambira pa nyama n'kukwera kufika pa anthu, ena amati zonsezi ndi nthambi za vuto limodzi ndipo iliyonse ikhoza kuphuka poyamba.

Zimene khalidweli linganene za moyo wa mwanayo

Pano ndi pamene umboni uli wolimbirapo. Mu 1983 Elizabeth DeViney, Jeffery Dickert ndi Randall Lockwood anafufuza mabanja 53 a ku New Jersey amene anali ndi ziweto ndipo boma linkawayang'anira chifukwa chozunza kapena kulekerera ana. M'mabanja 60 pa 100 alionse ziweto zinkazunzidwanso, ndipo m'mabanja amene ana ankamenyedwa chiwerengerochi chinafika pa 88 pa 100 alionse. Ozunza ziwetowo nthawi zambiri anali akuluakulu, koma m'mabanja ena anali anawo.

Kafukufuku wamkulu kuposa uyu anachitika ku England ndi Wales, kumene Fiona McEwen, Terrie Moffitt ndi Louise Arseneault anatsatira ana amapasa 2,232 kuyambira zaka 5 mpaka 12. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinasonyeza kuti ana 9 pa 100 alionse anachitirapo nyama nkhanza, ndipo kuzunzidwa kunali kofala pakati pa anawa kuposa pakati pa anzawo. Komabe oposa theka, pafupifupi 56 pa 100 alionse, sanapezeke kuti anazunzidwapo.

Manambala awiriwa ayenera kuwerengedwa pamodzi. Kuzunza nyama kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: sikuti ndi matenda pakokha, ndipo nthawi zambiri kumatha popanda choopsa, koma kholo lanzeru silikunyalanyaza, limafufuza chimene chayambitsa. Mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba amene waona mwana akumenya mphaka alibe chifukwa choloza chala makolo ake, koma ali ndi chifukwa chotsegula maso.

Zifukwa zake n'zambiri. Stephen Kellert ndi Alan Felthous, mu 1985, atacheza ndi amuna oposa 150, ena akaidi ena ayi, analemba zifukwa 9, monga kufuna kulamulira nyamayo, kuibwezera, kubwezera mwiniwake, kudzidzimutsa anthu kuti aseke, ndi kuphwetsera pa nyama mkwiyo umene munthu sangathe kuuonetsa kwa womulakwira. Chomalizachi ndi chofala mwa ana. Mwana sangabwezere wamkulu womumenya, kapena mnzake wamphamvu womuvutitsa kusukulu, ndiye mkwiyo umatsikira pa chofooka kuposa iye. Ena amangotsanzira zimene aona. Ena akakamizidwa ndi anzawo okulirapo. Ena amaopa galu, ndiye amayamba ndi iwo kumugenda. Ndipo alipo ana amene amabwereza pa nyama zenizenizo zimene zinachitidwa pa thupi lawo.

Zochita pa nthawi imene mwaona

Choyamba ndi kuletsa, pompopompo, ndi manja ngati n'kofunika. Gwirani dzanja la mwanayo, chotsani nyamayo, muiike potetezeka. Uku n'kupulumutsa onse awiri, pakuti nyama yomva ululu imaluma kapena kukanda, ndipo ana aang'ono akalumidwa ndi galu, kawirikawiri kumakhala kumaso, kumutu kapena pakhosi chifukwa cha kufupika kwawo. Ngati nyamayo yavulala, isamalireni kapena pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, ndipo ndi bwino mwanayo aone kuti chilondacho mwachitenga ngati nkhani yaikulu.

Mawu akhale ochepa, olimba, opanda kukuwa: "Leka. Ukumupweteka. Nyama sitizipweteka." Kuseka, kapena kujambula pafoni, kumamuphunzitsa kuti wachita chosangalatsa. Kukalipa kwambiri nako kuli ndi vuto lake, chifukwa mwana wogwidwa ndi mantha amangoganiza za mmene angadzipulumutsire, za mphakayo amaiwaliratu.

Mitima ikatsika, funsani. Funso lakuti "wachitiranji zimenezi?" ana aang'ono limawavuta, amangoti kaya kapena kunama. Funso lakuti "tandiuza, chinachitika n'chiyani?" limatsegula pakamwa. Mukhoza kupitiriza: "Unkafuna kuti galuyo atani? Unaona ndani akuchita zimenezi? Unali utakwiya?" Mayankho ake ndi amene angakuuzeni ngati ndi chidwi, mantha, mkwiyo kapena kutsanzira.

Kenako muonetseni zotsatira za zimene wachita pa nyamayo. Katswiri wa zamaganizo Martin Hoffman anathera zaka zambiri akufufuza mmene chikumbumtima chimakulira mwa ana, ndipo anapeza kuti ana amene makolo awo amawalozera ululu wa wolakwiridwayo amakula ndi chifundo chochokera mumtima kuposa amene amangoopsezedwa ndi chilango. Pa nyama izi zimafuna kumasulira, chifukwa mwana sadziwa chilankhulo chake. Muuzeni kuti: "Waona wabisala pansi pa mpando? Waona makutu wagoneka, mchira waupinda? Akuopa, ndipo mwendo ukumupweteka ngati mmene unamvera tsiku lija unagwa." Ndiye mugwire dzanja lake, mumuonetse kusisita ndi chikhatho chotambasula, motsata ubweya. Kamwana ka zaka 2 kapena 3 mudzakauza zimenezi kambirimbiri kasanagwire, ndipo kubwerezako si umboni wakuti n'kouma mtima.

Pakhalenso chotsatira chogwirizana ndi cholakwacho. Asasewere ndi nyamayo kwa kanthawi, ndipo akayambanso pakhale wamkulu. Athandize kukonza zimene waononga: kuthira madzi m'mbale ya nyamayo, kukonza pogona pake, inu muli pomwepo. Lamulo losavuta limene madokotala a ana ndi a ziweto amagwirizana ndi lakuti mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi nyama, ngakhale yofatsa chotani. Ngati simungathe kuonetsetsa kuti nyamayo ili yotetezeka, kuipezera kwina kokhala kwa kanthawi si kulephera.

Pewani kumupatsa dzina. Mwana amene wauzidwa kuti ndi woipa mtima kapena chigawenga, makamaka pamaso pa anthu, amaphunzira kubisa, ndipo ena amangolivala dzinalo. Dzudzulani chimene wachita, iyeyo mumusiyire mpata wokhala munthu wosamala nyama mawa.

Nanga kumukwapula?

Makolo ambiri amaganiza kuti mwana akalawa ululu adziwa mmene nyamayo inamvera. Ganizoli limachokera m'mtima wofuna chilungamo, koma kafukufuku salikhalira kumbuyo. Mu 1961 Albert Bandura anaonetsa kuti ana amene aona wamkulu akumenya chidole, nawonso amachimenya chimodzimodzi. Mu 1999 Clifton Flynn anafunsa ophunzira 267 a pakoleji ku America, n'kupeza kuti anyamata amene anazunzapo nyama ankamenyedwa ndi abambo awo pafupipafupi kuposa amene sanazunzepo. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti kukwapula kumayendera limodzi ndi ukali wochuluka mwa ana, osati kumvera.

Alipo ofufuza, monga Robert Larzelere, amene amatsutsa kuti manambalawa sasiyanitsa bwino choyambitsa ndi chotsatira, pakuti mwana wovuta kale ndi amene amakwapulidwa kwambiri. Mtsutso umenewo ukupitirira. Koma pa nkhani ino yokha pali chinthu chovuta kuchilambalala: phunziro limene tikufuna mwana amve ndi lakuti wamphamvu sapweteka wofooka, ndipo n'kovuta kuliphunzitsa ndi chikwapu m'manja. Chimodzimodzinso mmene akuluakulu panyumba amachitira ndi nyama. Mwana amene amaona galu akumenyedwa theche tsiku lililonse sadzamvetsa chifukwa chake iye yekha akuletsedwa.

Nthawi yofuna thandizo la akatswiri

Zizindikiro zodetsa nkhawa ndi izi: mwana akubwereza ngakhale mwamuphunzitsa kangapo, akuchita mobisa kapena mokonzekera, akugwiritsa ntchito mpeni, moto kapena chingwe, akusangalala ndi kulira kwa nyamayo ndipo alibe chisoni pambuyo pake, akuzunza chiweto cha panyumba chimene amachidziwa bwino, akuchita ndi nyama zinthu zokhudza ziwalo zobisika, kapena akupwetekanso ana anzake ndi kutentha zinthu. Msinkhu ukamakwera nkhawa imakweranso. Madokotala a ana awiri a ku Britain, Richard Lee-Kelland ndi Fiona Finlay, ataunika zolembedwa pa nkhaniyi mu 2018, analangiza kuti mwana wopitirira zaka 10 akamazunza nyama, pafufuzidwe ngati iyeyo sakuzunzidwa.

Buku limene madokotala a maganizo ku America amatsatira pozindikira matenda, DSM, linaika nkhanza kwa nyama pa mndandanda wa zizindikiro za vuto lotchedwa conduct disorder mu 1987. Vutoli ndi khalidwe lokhazikika lophwanya ufulu wa ena ndi malamulo. M'buku lomweli lokonzedwanso mu 2013 zizindikiro zake zilipo 15, ndipo pamafunika zosachepera zitatu m'miyezi 12 yapitayo kuti dokotala anene kuti mwana ali nalo. Ndiye kuti kuzunza nyama pakokha sikukwanira. Chimene chimachititsa madokotala kuchiyang'anitsitsa n'chakuti chimaoneka msanga: Paul Frick ndi anzake anapeza mu 1993 kuti makolo amayamba kuchiona mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 ndi theka, zizindikiro zina zambiri zisanatulukire. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo njira zothandiza ana a msinkhu umenewu zilipo. Imodzi mwa zofufuzidwa kwambiri ndi imene Sheila Eyberg anayambitsa m'zaka za m'ma 1970 ya ana a zaka 2 mpaka 7, mmene katswiri amaphunzitsa kholo kusewera ndi mwana, kuyamikira zabwino, ndi kuika malire osasinthasintha.

Poyambira pakhoza kukhala dokotala wa ana, mlangizi wa kusukulu, kapena ogwira ntchito yoteteza ana. Ndipo ngati pokambirana mwana waulula kuti wina akumupweteka, mumvetsereni modekha, musamupanikize ndi mafunso, ndipo mukanene kwa oyenera tsiku lomwelo.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Kafukufuku wambiri amadalira zimene makolo anena, chonsecho nkhanza zambiri zimachitika makolo kulibe, ndipo ana akafunsidwa okha amavomera zambiri kuposa zimene makolo awo amadziwa. Kodi chiwerengero chenicheni ndi chotani? Bungwe la boma lofufuza milandu ku America, FBI, linayamba kulemba milandu yozunza nyama payokha mu 2016, koma zochita za ana aang'ono sizifika kupolisi kawirikawiri.

Malire a nyama nawo sanagwirizanidwe. Kodi kuthothola miyendo ya chiwala kuwerengedwe mofanana ndi kutentha mphaka? Ofufuza ena amangowerengera nyama za msana, ena amaphatikiza tizilombo, ndipo zotsatira zawo zimasiyana pa chifukwa chimenechi. Tanthauzo la Ascione limadaliranso zimene anthu amavomereza, pomwe zimenezi zimasiyana dziko ndi dziko, ndipo kafukufuku wochuluka wachitikira ku America, Britain, Australia ndi mayiko ena ochepa.

Pali ana ena ochepa amene amaoneka kuti samva chisoni kapena kudziimba mlandu ngakhale akulira m'banja lachikondi. Kafukufuku wa amapasa akusonyeza kuti chibadwa chili ndi gawo pa zimenezi, koma mmene chibadwa ndi kaleredwe zimagawanirana, ndiponso njira imene ingathandize bwino ana otere, akatswiri akukambiranabe. Sizinadziwikenso bwino ngati maphunziro a kusukulu okhudza kukonda nyama amasintha khalidwe kwa zaka zambiri, kapena amangosintha mayankho amene ana amapereka phunziro litangotha. Ndipo funso limene makolo amafunsa kwambiri, lakuti kumupezera mwana wotere chiweto chakechake kungamufewetse mtima kapena kungangoika nyama ina pangozi, lilibe kafukufuku wokwanira woliyankha mbali iliyonse.